Musawasokoneze, Ali pa Ntchito

Woyamba kuganiza zochoka sanali ine, anali mkazi wanga Esnart. Iye anali namwino, ndipo atapeza mwayi wa ntchito ku Hull, ku England, anandifunsa ngati tinyamukire limodzi kapena ndimutsatire pambuyo. Ine ndinkaphunzitsa sayansi pasekondale ina ku Ntcheu, m'labu momwe munangodzaza mabotolo opanda kanthu, ana n'kumaloweza zinthu zimene sanazionepo ndi maso. Sindinazengereze. Chondimanga miyendo chinali mayi okha, poti bambo anali atatisiya kale. Koma mng'ono wanga Limbani, amene ankalima tomato ndi kabichi m'dimba la bambo, anandiuza kuti ndipite mtima uli m'malo, mayi aziwayang'anira iye. Nthawi imeneyo n'kuti atangokwatira kumene, ali mnyamata wamphamvu woti thumba la feteleza ankalinyamula akucheza.

Ku Hull kunandilandira mphepo yochokera kunyanja, yolowa mpaka m'mafupa. Mapepala anga a uphunzitsi analibe ntchito kumeneko, ndiye ndinalowa ganyu yonyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu. Esnart ankagwira mashifiti aatali, moti tinkangopezana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka. Lamlungu ndinkakwera basi kupita m'tauni, osati kukagula kanthu, koma kuti ndingoona nkhope za anthu. Kumudzi ndinkatumiza ya feteleza ndi ya mankhwala a m'dimba. Limbani ankayankha mwachidule: yafika, mayi ali bwino, mvula yagwa.

Esnart ndiye anandikankha kuti ndibwerere kusukulu. Ndinayamba kukwera sitima kupita ku Leeds, kukaphunzira luso lofufuza poizoni m'dothi, m'madzi ndi m'magazi, ngakhale atakhala wochepa bwanji. Zaka zinapita, ndinamaliza, ndinapeza ntchito m'labu ina ku Newcastle, ndipo tinasamukira kumeneko. Ana athu awiri anabadwira konko. Chichewa amamva ndithu, koma ukawalankhula amayankha m'Chingerezi, ndipo agogo awo pafoni ankangoseka n'kunena kuti azunguwo ndiwapatse moni.

Tsiku lina ndinaitanidwa ndi bungwe la mayiko. M'dziko lina lomwe linali pankhondo, limene sindilitchula, tauni ina inathiridwa utsi wa poizoni, ndipo anthu ambiri anafa. Zoti anafa ndi poizoni aliyense ankadziwa. Chosadziwika chinali mwini wake wa bomba limene linabweretsa utsiwo, chifukwa boma linkaloza zigawenga, zigawenga zinkaloza boma. Ankafuna munthu wotsogolera gulu la akatswiri ochokera m'mayiko osiyanasiyana kuti lipeze wolakwa. Mmodzi mwa akuluakulu a bungwelo anandiuza mosabisa kuti kupatula luso langa, ndinali woyenera chifukwa ndine wa dziko laling'ono losakangana ndi aliyense. Ndinavomera. Ndinaimbira mayi kuwauza, ndipo ndinamva akuitana anthu a nyumba zoyandikana kuti adzamve okha.

M'tauni momwemo sanatilole kulowa. Tinkagwira ntchito kutsidya kwa malire, m'misasa ya othawa nkhondo. Tinkalandira dothi, zidutswa za chitsulo ndi zovala, n'kufufuza kuti chilichonse chadutsa m'manja mwa ndani chisanafike kwa ife. Gulu langa linali la anthu anzeru koma osakhulupirirana. Wina akachedwa pafoni, anzake ankaganiza kuti akunong'oneza boma la kwawo. Makalata ondiopseza ankabwera, enanso ondinyengerera kuti ndisathamange. Ntchito yanga yaikulu inali yoti anthuwa akhale patebulo limodzi mpaka mapeto.

Mwa mboni zonse, amene sachoka m'maso mwanga ndi mayi wina amene anabwera ndi jumbo ya zovala za ana ake atatu. Sanazichape chifereni anawo, ati wina anamuuza kuti zikachapidwa umboni uthawa. Kudzera mwa womasulira, anafotokoza kuti kunali m'mawa, ndege inadutsa, ndipo phokoso la bomba silinali lalikulu. Kenako ana anayamba kutuluka thovu kukamwa, kanthu kakuda ka m'maso kaja katachepa ngati kansonga ka singano, akulephera kupuma. Atamaliza, anakankhira jumboyo kwa ine n'kufunsa kuti, "Mukamudziwa amene anachita izi, mumutani?"

"Adzayankha mlandu," ndinatero.

Womasulira anandiyang'ana kaye asanamasulire. Iye ankadziwa, inenso ndinkadziwa, kuti mphamvu imeneyo ndinalibe. Koma mayiyo anagwedeza mutu n'kusiya zovala za ana ake m'manja mwanga.

Wolakwa tinamupeza. Zotsalira za poizoni zinkafanana ndi amene ankapangidwa ndi mbali imodzi yokha, ndege inali yawo, nthawi inagwirizana. Ndinakana kufewetsa mawu, ndipo tonse tinasainira lipoti. Litafika pamsonkhano wa mayiko akuluakulu, anakangana masana onse. Dziko lina lamphamvu linati lipotilo ndi labodza, linakana kuti ntchito yathu ipitirire, ndipo zinathera pomwepo. Anatithokoza, anatiuza kuti tibweze makadi olowera muofesi. Palibe amene anamangidwa. Zovala zija zili m'chipinda china chozizira, zitamatidwa nambala.

Nditabwerera ku Newcastle, a Malawi a kuno anandikonzera phwando ku Leeds, m'holo ya tchalitchi. Anabwera anamwino, anabwera ogwira ntchito yosamalira okalamba, ngakhale ena amene akudikirabe mapepala awo okhalira m'dziko muno. Anandiimbira, anandiombera m'manja, mkulu wina anati ndaika Malawi pamwamba. Ndinaimirira n'kuthokoza. Ndinalephera kuwauza kuti akuombera m'manja munthu amene analanda mayi woferedwa zovala za ana ake ndi lonjezo lopanda kanthu. Miyezi yotsatira ndinkakwera sitima ya m'tauni kupita kuntchito ndi kubwerako osalankhula ndi munthu. Esnart ataona kuti ndikuuma ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe, anandiuza kuti ndipite kumudzi ndikapume, ndikaone mayi.

Ndinkaganiza kuti Limbani adzandichingamira ku bwalo la ndege, koma kunabwera msuweni wathu, n'kunena kuti Limbani watanganidwa. Titafika, mudzi wonse unali pakhomo, nthungululu zili pakamwa. Anandiikira mpando pakati, ena onse atakhala pamphasa. Limbani anatuluka m'nyumba mochedwa. Ankayenda akukoka mapazi, ndodo ili m'manja. Atandipatsa moni, dzanja lake linkanjenjemera m'dzanja langa, ndipo linali lofewa ngati la munthu wosagwira khasu. Ndinamufunsa chavuta n'chiyani, iye anati ndi nyamakazi chabe, n'kuyamba kufunsa za ana.

Zoona zake anandiuza ndi mkazi wake, Naphiri, m'mawa mwake, nditamutsatira kudimba komwe ankathirira tomato yekha. Anati tsiku lina kukutentha, Limbani ankapopera mankhwala ophera mbozi, aja ogula pamsika m'timabotolo topanda dzina. Chopoperacho chinkadontha, ndipo mankhwala ananyowetsa malaya ndi msana wonse, iye osalabadira poti ankafuna kumaliza. Anamupeza atagwa pakati pa mizere, thovu lili kukamwa, akulephera kupuma. Anamunyamula pangolo mpaka kumsewu. Kuchipatala anakhalako milungu ingapo, ndipo atatuluka, miyendo ndi manja zinayamba kufooka.

Ndinamufunsa za maso. Naphiri anadabwa kuti ndadziwa bwanji, n'kunena kuti inde, kanthu kakuda kaja kanachepa kwambiri moti iye anachita mantha kumuyang'ana. Ndinakhala pansi pamzere. Mankhwala amtundu umenewo ndi pachibale ndi poizoni amene ndinkamusaka kutsidya kwa nyanja. Ndimawadziwa kapangidwe kake ndi mmene amaphera. Ndikanatha kumuuza Limbani m'mawu ochepa pafoni kuti azivala chiyani, asagule ati, akadontha achite chiyani. Zaka zonsezo ndinkatumiza ndalama ya mankhwala, koma sindinafunsepo kuti ndi mankhwala anji.

Nditafunsa kuti zinachitika liti, ndinapeza kuti inali nthawi yomweyo imene ndinali m'misasa muja. Ndinkaimba ndithu masiku amenewo, ndipo ankandiuza kuti Limbani wapita kumsika, kapena foni yake yatha moto.

"Mayi ndiwo analetsa, alamu," anatero Naphiri. "Anati musawasokoneze, ali pa ntchito ya dziko lonse."

Masana ndinamupeza Limbani ali pakhonde. Ndinamuuza kuti ndamva zonse, ndipo ndinapepesa. Iye anati palibe chopepesa, chopopera chinali chake, ndipo anasintha nkhani. Ankafuna kudziwa za anthu aja anathira utsi, ngati anamangidwa. Ndinamuuza zoona, munthu woyamba kumuuza mosazungulira: tinawadziwa, tinalemba, koma ali kwawo, akudya ndi kugona bwinobwino.

Limbani anati, "Ine m'chipatala muja ndinkauza odwala anzanga kuti achimwene anga akukagwira anthu opha anzawo ndi poizoni. Ndiye mwati sanagwidwe?"

Ndinati ayi. Sanandidzudzule. Anangoti dziko ndi lovuta, n'kundipempha kuti ndimupatsire kapu ya madzi, poti akanyamula yekha amataya.

Masiku otsatira ndinachita zimene ndikanatha. Ndinapita naye kwa dokotala ku Blantyre, amene anati mphamvu zina zibwerera pang'onopang'ono, zina ayi. Ndinagula chopopera chatsopano, magolovesi ndi zotchinga kumaso, ndinakwirira timabotolo tija kutali ndi chitsime. Alimi anzake anabwera kudzandimvera, ndipo ankavomera chilichonse mwaulemu, monga amachitira ndi alendo a mabungwe obwera pagalimoto. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ngakhale mayi ondibereka anali atasiya kunditchula kuti iwe. Ankati inu, ankati adokotala. Pakhomo ponse ankandisankhira nkhani ngati mmene amasankhira nyama ya mlendo.

Tsiku loti mawa lake ndinyamuka, ndinawapeza mayi kuseri kwa nyumba akusola nyemba. Ndinakhala pansi pambali pawo, n'kuwafunsa chifukwa chimene anandibisira kuti mng'ono wanga ali pafupi kufa. Ndinalankhula mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Ndinati ndine mwana wa pakhomo pano, ndinayenera kudziwa.

Mayi sanasiye kusola. Anandifunsa mofatsa, osandiyang'ana n'komwe, "Tikanakuuzani, mukanabwera?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti inde. Koma ndinakumbukira mmene zinalili masiku amenewo, mboni zili pamzere, gulu likufuna kupasuka, ine ndikudziona ngati mzati wogwira denga lonse. Ndikanatumiza ndalama. Ndikanaimba tsiku lililonse. Sindikanabwera. Mayi ankadziwa zimenezo ine ndisanazidziwe, ndipo anasankha kundibisira kuti ndisakhale mwana amene anamva koma osabwera.

Mayi anakankhira lichero kwa ine.

"Gwira apa," anatero. "Manja akowo sananjenjemere."