Nyumba Imodzi Yokha ya a Laban

A Laban Chikaonda anajambula mapulani a nyumba kwa zaka khumi ndi ziwiri ku Lilongwe, koma kuno ku Canada ntchito yawo ndi yosambitsa nkhalamba. Sindikunyoza ayi, inenso ndimagwira yomweyo. Ndimawatcha alamu chifukwa akazi awo, a Selina, anali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Anthu akutchalitchi kwathu ku Etobicoke akumafunsana kuti bambo uja watani, bwanji masiku ano saseka. Bola ndifotokoze ine amene ndinaona, nkhani isanamere nthenga.

Kwawo ndi ku Chiradzulu. Bambo awo anali mmisiri womanga, ndipo a Laban anakula akupatsira njerwa mpaka sukulu inawatengera ku maphunziro ojambula nyumba. Ku Lilongwe ankajambula zipatala zing'onozing'ono ndi midadada ya sukulu, zonse zofanana ngati mabokosi a machesi, ndipo pansi pa pepala pankakhala dzina la bwana wawo. Mu 2005 anabwera kuno ndi a Selina ndi mwana wawo wamkazi, Nthanda, poganiza kuti tsopano adzajambula zawozawo. Kumene anapita ndi mapepala awo anawauza kuti chilolezo amapatsa munthu amene wagwirapo ntchito kuno. Kumene anakafuna ntchito anawauza kuti amalemba munthu wa chilolezo. Nkhani imeneyi imandipsetsa mtima mpaka lero.

Ananyamula makatoni zaka zisanu ndi chimodzi m'nyumba yosungira katundu ku Mississauga, msana n'kuyamba kudandaula, ndiye analowa ntchito yathuyi. Koma maso sanasiye ntchito yakale. Kuyenda nawo mumsewu kunali kutaya nthawi, chifukwa pakona iliyonse ankaima n'kumayang'ana m'mwamba, kukamwa kuli yasa. A Selina ankawakoka jekete.

"Bambo a Nthanda, basi itisiya. Building imeneyo si yanu, let's go."

Mu 2014 anawatumiza ku Oakville kukasamalira mkulu wina wochokera ku Turkey, dzina lake Orhan, wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. Mkuluyo anali atathamangitsa kale anthu atatu. Tsiku lachiwiri a Laban anaima pakhonde lam'kati, thaulo lili paphewa, akuyang'ana pulani yakale imene inali m'felemu pakhoma. Ananena okha kuti amene anajambula izi ankaidziwa mvula, taonani mmene denga latulukira kunja. Mkulu uja anamva ali pabedi. Anawaitana n'kuwauza kuti akoke bokosi limene linali kunsi kwa bedilo.

M'bokosimo munali moyo wonse wa bambo ake a Orhan, a Halim, amene anayamba kujambula nyumba ku Istanbul cha m'ma 1908. Nkhani yawo ndinaimva kwa a Laban kambirimbiri, mpaka ndinkachita kuwamalizira. A Halim ankajambula mapositi ofesi, masukulu ndi tinyumba todikiriramo zombo, zonse za mawindo opindika pamwamba ndi matayilosi a buluu, ndipo pakona ya pepala ankalembapo dzina lawo. Kenaka dziko linasintha boma. Akuluakulu atsopano anafuna nyumba zosalala, zopanda zokongoletsa, n'kuitanitsa akatswiri ochokera ku Ulaya. A Halim anauzidwa kuti zawo n'zachikale. Zaka makumi awiri zotsalazo anazithera m'maofesi a anzawo, akujambula masitepe ndi mipope popanda dzina. Atayamba kukuza misewu, nyumba zawo zina zinagwetsedwa, ndipo iwo ankapita kukaonerera, chipewa chili kumanja.

Panali pulani imodzi imene sinamangidwe, nyumba imene a Halim anajambulira akazi awo. Pamwamba pa khoma lakutsogolo, kunsi kwa denga, panali kanyumba ka mbalame kokhala ndi timawindo ndi kadenga kake. Akuti kwawoko amisiri akale ankatero kuti nazo mpheta zipeze pogona. A Orhan asanamwalire anaipinda pulaniyo n'kuwapatsa a Laban. Anati ana awo adzangoitaya m'bini, ndiye bola aitenge munthu wodziwa kuiwerenga, akaimange kulikonse kumene kuli dothi.

A Selina ndiwo anati nyumbayo ikamangidwe kwawo ku Ntcheu, pamalo a amayi awo. Ine ndinachenjeza.

"Alamu, mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Bwanji osagula plot ku Lilongwe?"

"Alamu, mwini pulaniyi anajambulira mkazi wake," anayankha akuseka. "Inenso ndikumangira wanga. Ndikaimange kwa ndani?"

Inamangidwa zaka zisanu ndi ziwiri, yonse pafoni. A Laban anaijambulanso kuti igwirizane ndi njerwa zootcha ndi malata akwathu, ndipo kwa nthawi yoyamba analemba dzina lawo pakona ya pepala, pansi pa la a Halim. Kumudzi anapeza mmisiri wabwino, a Edwin. Pa nthawi yopuma unkawapeza a Laban ali panja pa nyumba ya wodwala, chipale chofewa chikuwagwera, akukalipa pafoni kuti chingwe chowongolera njerwa chapendama. Anapitako kawiri. A Selina sanapite, ankati iwo salowa nyumba yosatha, adzalowa kamodzi kokha azimayi akululutira. Zaka zimenezo a Laban ananenepa, ndipo ankaimba bezi m'kwaya mokweza mpaka ena kudandaula.

Cholakwika chinachitika kumapeto, ndipo anachichita munthu wofuna zabwino. A Edwin ataona timabowo ta kanyumba ka mbalame kaja, anaganiza kuti abwana alakwitsa miyeso. Ndani angamangire mpheta nyumba? Anati limeneli ndi khola la nkhunda, ndipo nkhunda singalowe pamenepo. Anakuza bowo, n'kuphatikiza tizipinda tonse kukhala chipinda chimodzi. Sanawauze a Laban, ankafuna kuti adzaone okha adzasangalale. Nyumba inatha mu Meyi, anaikhoma kudikira eni ake. Nkhunda sizinabwere. Munalowa kadzidzi.

Mwezi womwewo a Selina anayamba kuwonda, ndipo madokotala anapeza khansa ya kapamba itafalikira kale. Kumudzi anthu anaphatikiza ziwirizo. Anati akamwini amangira kadzidzi nyumba, munthu sangolemera chabe kunjako, wakhwimira mwana wathu. Nditamva ndinatukwana ndekha m'khichini. Munthu wosambitsa nkhalamba wakhwima chiyani? Koma ndisaname, Vainess mng'ono wanga atanditumizira chithunzi cha mbalameyo itasuzumira pabowo, nanenso thupi linachita tsemwe. Zimene tinayamwa sizichoka ndi pasipoti.

Mlungu womaliza ndinali nawo m'chipinda kuchipatala. A Selina anagwira dzanja la amuna awo.

"Bambo a Nthanda, mundipromise chinthu chimodzi."

"Nenani, mayi."

"Mukandilowetse m'nyumba mwanga. Even one day. Anthu akandilirire m'menemo, osati panja."

"Mukalowa," anatero a Laban.

Anamwalira mu Novembala. A Laban ndi Nthanda anaperekeza thupi. Ife otsala tinasonkhana kwanga m'mawa wa tsiku limene maliro ankafika kumudzi, azimayi asanu ndi awiri, ena atavala kale yunifolomu ya kuntchito. Vainess anali atapita ku Ntcheu kuchokera ku Lilongwe, ndipo anagwira foni kuti tizionera. Kumeneko kunali masana, dzuwa lili phwee.

Ndi pamene ndinaiona bwinobwino nyumbayo. Inaima pakati pa mitengo ya mango, yoyera, denga lake litatambasuka ngati chipewa cha mlimi, khomo lozungulidwa ndi matayilosi a buluu. Mayi wina pakati pathu anati, "Ee, so beautiful," n'kuyamba kulira. Koma galimoto ya maliro inaima patali, ndipo azimayi a m'mudzimo anakhala pansi pa mtengo, osayandikira.

Amene analankhula anali a Lewis, amalume awo a Selina, mphunzitsi wopuma ntchito. Sanali munthu wankhanza. Anatembenukira kwa a Laban.

"Akamwini, ine ndilibe nanu chifukwa. Koma azimayiwa akana kulowa m'menemo. Nanga maliro opanda azimayi m'nyumba ndi maliro anji? Tiyeni timugoneke kwa amayi ake."

"Amalume, mwana wanu anapempha yekha."

"Ndamva. Koma chinthucho chili pamwambapo, aliyense akuchiona."

A Laban anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali. Kenaka anapempha makwerero ndi hamala. Anakwera atavala suti yawo yakuda, a Edwin atagwira makwerero kunsi, misozi ili mbwembwembwe. Atamenya kachiwiri kadzidzi anatuluka masana omwewo, azimayi n'kukuwa. A Laban sanayang'ane n'komwe kumene yalowera. Anaswa kadenga, timawindo, zonse, mpaka panatsala bowo lakuda pakhoma loyera. Anatsika suti ili mbuu ndi fumbi.

"Chatha, amalume."

A Lewis anapita kukanong'onezana ndi azimayi, ndipo patapita kanthawi azimayiwo anayamba kudzuka mmodzimmodzi, akumanga nsalu. Kwathu kuno tinapumira m'mwamba. Adzukulu ananyamula bokosi, nyimbo inayamba, anakwera masitepe atatu a pakhonde. Mutu wa bokosi unalowa pakhomo, kenaka anaima.

Mkati mwa khomolo, mapazi awiri okha kuchokera panja, munali khoma. Ndi mmene a Halim anajambulira, kuti wodutsa m'njira asaone mayi wapanyumba ali m'chipinda chochezera. Wolowa amakhotera kumanzere. Munthu amakhota, mpando umakhota, koma bokosi la ku Canada ndi lachitsulo, lalitali ndiponso lalikulu m'mimba. Anabwerera m'mbuyo, anayesanso mopendeketsa, linakana. Nyimbo inazilala. Khomo lakumbuyo linali laling'ono kuposa pamenepo, ndipo mawindo onse anali ndi zitsulo. Mdzukulu wina anati mwina aliimiritse.

"Ayi," anatero a Laban. "Mkazi wanga simumuimiritsa ngati kabati."

Tinamva Nthanda akulira m'Chingerezi, akuti adadi, zakwana, mami amva. Kumbuyo kunayamba manong'onong'o akuti nyumba yamukana. Ine ndinkakuwira foni ngati wamisala kuti wina achitepo kanthu, ngati kuti angandimve.

A Laban analowa okha, n'kuika dzanja pakhoma lija. A Edwin anawatsatira, ndipo Vainess anayandikira mpaka tinkamva kupuma kwawo.

"Abwana, limeneli ayi. Khoma limeneli ndi limene lanyamula denga lakutsogolo."

"Ndikudziwa, a Edwin. Ndinajambula ndine. Kaduleni mabulugamu awiri tichirikize, mundipatsenso hamala ija."

Zinatenga pafupifupi ola. Palibe aliyense wa ife amene anapita kuntchito m'mawa umenewo. A Laban ankamenya, a Edwin n'kumachotsa njerwa, kenaka adzukulu anavula majekete n'kuthandiza. Kugwedezekako kunathothola matayilosi a pakhomo, n'kumagwa amodziamodzi pasimenti. Azimayi omwe aja ankakana kulowa anabwera ndi matsache n'kusesa fumbi popanda wowauza. Kenaka adzukulu ananyamulanso, ndipo bokosi linalowa mowongoka, osakhudza paliponse. Mayi wina wachikulire, sindikumudziwa dzina, analulutira kamodzi, ndipo mawu ake anathera m'kulira. A Selina anagona m'nyumba yawo mpaka tsiku lotsatira.

A Laban anabwerako patatha milungu iwiri chichitikireni maliro, ndipo Lolemba lake anali kale pa sitima yopita ku Oakville, kwa wodwala wina watsopano. Kwaya anasiya. A Edwin anawaimbira kangapo kuti akonze khoma mvula isanalimbe, iwo osayankha. Ndinawakalipira kuti alamu, mitengo iwiri singanyamule denga dzinja lonse. Anangogwedeza mutu. Ndinawasiya, chifukwa nanenso mtima wanga unali bala lokhalokha, ndipo ndinalibe mphamvu yokoka munthu wina.

Mu Januwale Vainess ananditumizira uthenga woti mvula inagwa masiku anayi osakata, ndipo mbali yonse yakutsogolo yagwa pamodzi ndi khomo. Ndinasunga uthengawo masiku awiri, osadziwa poyambira. Lamlungu tikudikira basi potuluka kutchalitchi, mphepo ikuluma makutu, ndinawauza.

Sanadzidzimuke. Anafunsa ngati wina wavulala, ndinati ayi.

"Yayesetsa," anatero. "Ndimaganiza kuti sifika Khirisimasi."

Basi inaonekera pakona. Anayamba kufufuza khadi ya basi m'thumba, ndipo analankhula osandiyang'ana.

"Koma analowa, alamu. Munaona nokha. Analowa."