Gogodela ya Malume pa Mpikisano

Ndili pa bwalo la asilikali, dzuwa lili paliwombo, ndipo kuli mpikisano wowombera chandamale. Anzanga agwira mfuti zatsopano zolavula zipolopolo ngati matalala. Ine andipatsa gogodela ya malemu malume anga, yomanga ndi mphira wa njinga, ija yodyera kukamwa. Ndikuthiramo wonga, ndikutsindira kansanza ndi kachitsulo, koma mfutiyo ikungomeza osakhuta.

"Bambo inu, tikudikira inuyo!" akukuwa a sajeni, wezulo ili pakamwa.

Ndikuyang'ana chandamale changa. Chavala diresi ya sukulu ya mwana wanga Tadala, ndipo chikubwera uku chikudumpha chingwe. Ndi Tadala yemweyo. Ndikufuna kutsitsa mfuti, koma yamera paphewa ngati nthambi. Chala chikukoka chokha.

"Adadi, mwatsinzina diso lolakwika," akutero mwanayo.

Mfuti ikutsokomola. Kukamwa kwake kukutuluka ngumbi zokhazokha. Asilikali onse akutaya mfuti pansi n'kuyamba kutolera ngumbizo m'zipewa, a sajeni patsogolo.

Ndadzuka phewa litachita dzanzi. Panja Tadala akulimbana ndi amayi ake kukana kusamba, ndipo sindinamvepo phokoso lokoma chonchi.