Mzere wa Khala pa Sikelo

Fungo la lamba wopserera likangondiwomba, kaya pachigayo kaya pamsewu, ndimaona agogo aamuna atanyonyomala pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Mongue, utsi ukuwazungulira, maso ali pa singano ya sikelo.

Nkhondo itatha tinabwerera kuchokera kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi tili atatu: agogo aamuna, agogo aakazi ndi ine mdzukulu wawo. Nyumba tinaipeza itapsa. Chomwe chinapulumuka ndi kanjinga kamoto, kamene agogo aamuna anakakwirira m'dzenje pothawa atakakulunga m'mphasa. Iwo ankati motorizada. Anakafukula, nakapala dzimbiri, ndipo kanalira ndithu, koma ngati nkhalamba ya chifuwa.

Apo n'kuti agogo aakazi atayamba kudwala m'mimba. Chipatala chinali ku Milange, ndipo panjira panali chitunda chachitali. Agogo aamuna atachiyesa ndi theka la thumba la chimanga kumbuyo, kanjinga kanafika pamwamba mokakamiza. Ndi thumba lathunthu kanazima pakati, pomwe agogo aakazi ankalemera ngati thumba lathunthu. Kuzimira pamenepo uli ndi wodwala kunali koopsa, poti m'mbali mwa msewu munali mudakali mabomba okwiriridwa. Petulo wa m'mabotolo wochokera ku Muloza nayenso sanali woseweretsa pomangoyesa.

Ndiye agogo anapanga makina awoawo oyezera mphamvu ya injini pakhomo. Anakweza gudumu lakumbuyo pazipika, nachotsa tayala, nakoleka lamba wakale wa chigayo pa limu. Mbali imodzi ya lamba anamangako mwala, inayo anaikola ku sikelo yoyezera nyemba, yomangidwa kutsinde la mango. Injini ikalira, gudumu linkakoka lamba, lamba n'kukoka sikelo. Pomwe singano inaima tsiku loyamba anati ndiyo mphamvu ya theka la thumba. Patsogolo pake anajambula mzere ndi khala.

"Singano ikadzagunda apa, agogo ako ndinyamuka nawo," anandiuza.

Agogo anali ouma mutu, osakhulupirira kanthu asanakayeze. M'mawa uliwonse ankatsuka pulagi, kupemerera timipaipi, kumanga apa, kumasula apo, kenako n'kuliza injini mpaka lamba atanunkha. Agogo aakazi ankawaseka ali pamphasa.

"Bambo a Rozina, mukuyeza nyemba kapena utsi? Mwandikhosomoletsatu."

"Pasiyensiya, mayi, pirirani. Kwatsala pang'ono."

Singano inkanjenjemera, kusendera pang'ono, n'kubwerera. Masabata anapita mzere isanaugunde. Ine ndinkadana nayo singano imeneyo.

Tsiku lina agogo anapita kukawachotsa agogo aakazi padzuwa. Atawanyamula m'manja anaima chilili. Kenako anawagoneka pamthunzi bwinobwino, napita kumtengo kuja, nafufuta mzere ndi chala.

"Agogo, mwafufutiranji? Singanotu sinafike."

"Sizikufunikanso, mwanawe. Tsopano kakwanitsa."

Ndinadumphadumpha ndi chimwemwe, poti ndinali mwana. Sindinadziwe kuti injini inali yomweyo. Agogo aakazi ndiwo anali atatha thupi, osakwananso ngakhale theka la thumba.

M'mawa mwake anawabereka ndi chitenje ngati khanda, nanyamuka. Amene anawaona amati chitunda anachikwera osazima. Kuchipatala anawauza kuti abwera mochedwa. Patapita masiku ndinamva kanjinga kakubwera chapatali, kakulira mopepuka kuposa kale lonse, ndipo ndinayamba kulira ndisanakaone.

Kanjingako agogo sanakalizenso. Sikelo inatsala pamtengo pompo mpaka inachita dzimbiri. Kamodzi kokha ndinawamva akudziyankhulira akupalira: "Ndinkayang'ana singano, osayang'ana munthu."

Sindiwaimba mlandu, chifukwa chinawachedwetsa ndi mantha oti angawataye panjira. Koma zimandipwetekabe. Lero njinga zamoto zadzaza mu Milange, ndipo iliyonse ikamakwera chitunda mopepuka, ndimatembenuka kuti ndione ngati kumbuyo kuli munthu.