Pampu yathu ndi sitima yonyamula ndege

M'chaka changa chachiwiri ku Nairobi, mabwana anapeza kuti vuto lathu lalikulu ndi umbuli. Ndinali wogula katundu pa bungwe lina la mpingo ku Lavington, ndipo galimoto yathu yopita kumidzi inali itakhala pamiyala miyezi iwiri, kudikira pampu ya mafuta. Mankhwala ake anali wekishopu ya masiku atatu.

Otiphunzitsa anali bambo achikulire achizungu, msilikali wa panyanja wopuma pantchito. Moyo wawo wonse ankasunga masipeya m'sitima ya nkhondo, chimphona chija chonyamula ndege pamsana, choyendera mphamvu ya nyukiliya. Anationetsa chithunzi chake. Ine mwana wa ku Dedza, amene bwato ndinaliona m'buku la kupulayimale, ndinagwedeza mutu ngati ndinakwerapo.

"Sitimayi imatha zaka zoposa makumi awiri osamwetsa mafuta," anatero. "Koma kachitsulo kamodzi kakathyoka, ndege sizinyamuka."

Anafotokoza kuti sipeya iliyonse ili ndi nambala ndi mapepala a mbiri yake: anaipanga ndani, ndi chitsulo chanji, anaiyesa liti. Ikasowa ali pakati panyanja, amaitumiza pandege. Tinalemba zonsezo mwakhama, poti ndi nzeru zofunika kwambiri kwa anthu ogula matayala ndi sopo.

Dalaivala wathu, bambo wa ku Donholm yemwe anamuitana kudzangodzaza mpando, anakweza mkono.

"Ndegeyo ikamadutsa, singatiponyereko pampu yathu?"

Tinaseka, koma mzunguyo sanaseke. Anafunsa kuti pampuyo yafika pati. Ndinayankha kuti fomu inapita kulikulu lathu kunja, ikufunika anthu atatu asayine, ndipo wachiwiri ali patchuthi.

"Mawa tikaifune tokha," anatero.

M'mawa mwake atatufe tinakwera minibasi, ija kumeneko amati matatu, mpaka ku Grogan, komwe magalimoto akufa amadyetsa amoyo. Dalaivala anatilowetsa m'kasitolo ka mayi wina wonenepa, wa magalasi omanga ndi waya. Mphunzitsi wathu anatulutsa pepala n'kuyamba kuwerenga nambala ya pampu mokweza, ngati mlaliki. Mayiyo sanaliyang'ane n'komwe. Analandira pampu yakufayo kwa dalaivala, n'kuitembenuza kawiri.

"Iko. Ngoja kidogo," anatero, kutanthauza kuti ilipo, tidikire pang'ono.

Anabwera nayo ina yakuda bii, yonunkha petulo.

"Mapepala a mbiri yake ali kuti?" anafunsa mzunguyo.

"Mbiri yake ndi iyi," mayiyo anayankha m'Chingerezi chosapsatira. "Galimoto inaomba mtengo ndi mphuno. Pampu imakhala kumbuyo. Sinamve kanthu."

Bambo aja anainyamula ndi zala ziwiri. Anati m'sitima mwawo, woika chinthu chotere akanagona m'chitokosi.

"N'zoona, bwana," anatero dalaivala. "Yanu ikazima simungaikankhe. Yathu timakankha."

Apa mpomwe bambo achizungu aja anaseka, mpaka kutsokomola. Anapisa m'thumba lawo n'kuigula. Pofika masana makaniko anali ataimanga, ndipo galimoto inalira. Mzunguyo anaima pambali, manja m'chiuno, kumvetsera injini ngati munthu womvera mlandu, kudikira kuti izime. Siinazime. Anandigwira chanza, thukuta lili chuchuchu, n'kunena kuti asaone nkhaniyi m'kope la wina aliyense.

Sabata yotsatira ndinalandira mapepala awiri tsiku limodzi: setifiketi ya wekishopu, ndi kalata ya abwana yofuna ndifotokoze chifukwa chomwe ndinaikira sipeya yopanda mapepala pagalimoto ya bungwe. Ndinakhala nayo kalatayo theka la tsiku, mtima ukuwawa, chifukwa galimotoyo inali itanyamuka kale ndi mankhwala kupita kumidzi. Kenaka ndinalemba mzere umodzi: kuti pampuyo inasankhidwa pamaso pa katswiri wa masipeya a sitima za nyukiliya, yemwe bungwe linamuitana lokha.

Abwana anawerenga kawiri, nasayina. Pamsonkhano wa mwezi umenewo anauza anthu onse kuti wekishopu ija yayamba kubala zipatso, ndipo tinawaombera m'manja.