Mimba ya akulu anga

Akulu anga anakhala pabanja zaka zambiri opanda mwana, ndipo alamu anga ankawapepesa pogona kunja. Ku Sinda kunalibe shabini yosawadziwa. Akulu angawo ankangofuna chinthu chimodzi, chakuti mwamuna wawo azigona pakhomo.

Chaka china, thonje litayamba kuphulika, maso a akulu anga anachita chikasu. Ndinawaperekeza kuchipatala. Dokotala anawang'amba pamimba, nadula kanyama kochepa ngati mtedza, n'kukatumiza ku Lusaka kuti akakaone pa makina okulitsa zinthu. Titabwererako anatiuza kuti ndi khansa ya kapamba: tizinthu tosaoneka ndi maso tikuchulukana mosalekeza, ndipo mankhwala palibe. Panjira akulu anga anandiletsa kuuza munthu.

Posakhalitsa mimba inayamba kutupa ndi madzi. Alamu anga, amene sanafunseko n'komwe za kuchipatala, anagamula okha kuti madokotala atsegula njira ya mwana, mkazi wawo ali ndi pakati. Kwathu amati mwamuna akamayenda kunja mkazi ali ndi pakati, amamudula. Abambo aja anachita mantha. Anasiya mowa, nayamba kuwaza nkhuni, mpaka kupalasa njinga kukagula chitenje ku Katete. Ine zinkandiwawa mtima, koma akulu anga ankasanza akumwetulira.

"Iwe, usandiwonongere," anandiuza. "Ukwati ndauyamba chaka chino."

Anamwalira mvula isanagwe. Poti mayi wapakati saikidwa ndi mwana m'mimba, adzukulu anang'amba mtembo. Anapezamo madzi ndi chotupa cholimba. Ndinafotokoza za ku Lusaka, koma amalume anandifunsa ngati tizinthuto ndinationa ndi maso anga. Mlandu sunavute kuweruza: mkamwini wachimasomaso wasungunula mwana ndi chigololo chake. Zaka zonse zimene ankachimwadi palibe anawaitanira pabwalo. Anawathamangitsa pamudzi chifukwa cha miyezi yokhayo imene anakhala bwino.

Iwo sanadziteteze. Atamangirira katundu panjinga anabwera kudzanditsanzika, maso ali psuu. Ndinali ndisanawamverepo chisoni munthu ameneyu, koma tsiku limenelo chinandigwira. Ndinawabwerezera zonse pang'onopang'ono, kuti mimba ija sinali ya mwana, kuti iwo sanaphe munthu. Ndinkayesa ndikuwamasula.

"Alamu, musatero," anatero. "Ndalola kuti mwanayo ndinamupha ndine. Koma musanene kuti kunalibe."