Pemphero la Maiko Awiri

Bambo anga anali ndi pemphero lalitali, loti ife ana tinkasinza nalo. Ku tchalitchi chathu ku Bangwe, Lamulungu loyandikira tsiku la ufulu, iwo ndi amene ankapempherera dziko. Ankayamba ndi Malawi: mvula, zipatala, atsogoleri, ngakhale madalaivala a minibasi. Kenako ankapempherera Mozambique, kumene anachoka ali mnyamata pothawa nkhondo, atasiya manda a mayi awo kuseri kwa Milanje. Palibe ankadandaula.

Chaka china mbava zamfuti zinathyola golosale ya munthu wa mumpingo mwathu n'kupha mlonda. Palibe anaziona nkhope, koma pomwe kumacha Bangwe yense anali atagamula kale kuti zinali za ku Mozambique.

Loweruka loti mawa lake ndi tsiku la pemphero lija, kunyumba kunabwera akulu a mpingo awiri. Tiyi anamwa, buledi anamaliza, kenako n'kutula nkhani. Anati mitima ya anthu ili ndi mabala, Mkhristu weniweni amakonda dziko lake, choncho mawa bambo apempherere Malawi yekha. Ine ndinali kukhitchini, ndikumva zonse. Munthu anagwira ntchito m'mafakitale a ku Makata mpaka msana kupindika, anaumba nawo njerwa za tchalitchi chomwecho, lero azimuphunzitsa kukonda Malawi? Bambo anangoti amva.

M'mawa mwake anaima kutsogolo atavala jekete lawo lotuwa. Malawi anamupempherera mpaka ine, wobadwira pompano, misozi inalengeza. Anatchula mlonda uja ndi ana ake amasiye. Atatero ndinapuma poganiza kuti zatha bwino.

"Ndi dziko lija munagonekako mayi anga, Ambuye," anatero motsitsa mawu, "andiletsa kulitchula, koma Inu mukulidziwa."

Ameni anamveka wa amayi ochepa okha, nawonso mwamantha.

Akulu a mpingo sanawadzudzule pagulu. Anangosiya kuwapatsa pemphero lililonse, ngakhale lodalitsa chopereka. Bambo sanajombe kutchalitchi, koma anasamukira ku benchi ya kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ndinawauza kuti tingochoka, matchalitchi ndi mbwee mu Bangwe. Anakana, amvekere munthu sasamuka kawiri.

Dziko lino ndimalikonda, ndipo nyimbo ya fuko ndimaimba ndi mtima wonse. Koma mpaka lero zimandivuta kumvetsa kuti chikondi chimenechi chinkafuniranji pakamwa pa nkhalamba imodzi kuti patsekedwe. Ndafunsapo abusa angapo, onse amayankha bwino, koma mtima sukhazikika.

Chinandipweteka kwambiri chinachitikira kunyumba. Tikamaliza kudya tinkapemphera pamodzi, bambo akutsogolera. Chaka chotsatira, pa tsiku la ufulu, anapempherera odwala, ana ndi ntchito zathu. Atafika pa dziko anaima, n'kundigwira pa bondo.

"Pitiriza iwe," anatero. "Eni dziko ndinu."