Tinaonera Theka la Kanema wa Alamu Anga

Lachitatu lapitali galimoto ya kanema inabwera pa Boma la Chiradzulu, ndipo ine ndinalowa nawo limodzi ndi achemwali anga, a Veronika. Kunena zoona sindinkafuna, ine ndi kanema tinadana kalekale. Koma achemwali anali atagulitsa nyemba zawo pamsika, atamva kuti kuholo atchinga mazenera ndi masaka anangoti, "Achimwene, tiyeni tikakhaleko pansi dzuwali lichepe." Ndikanakana bwanji?

Chinsalu chitawala, nkhope yoyamba kutuluka inali ya alamu anga a Sitefano, amuna awo a achemwali omwewo. Kanemayo ndinamuzindikira pomwepo. Tinamuonerapo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo kusukulu kwathu cha ku Ndunde, koma tinangoonera theka.

Ndiyambe ndakuuzani za munthuyu.

A Sitefano anakwatira achemwali anga mu tchalitchi, nadzakhala pakwathu ngati mkamwini. Mwana woyamba atabadwa anapita ku Halale kukafuna ntchito, ngati amuna ambiri akuno. Kumeneko ankaperekera zakudya mu hotela, mpaka mzungu wina wojambula kanema anaona nkhope yawo. Munthu uja akangokweza nsidze imodzi, ngakhale wamaliro ankaseka. Anayamba kusewera m'makanema ophunzitsa anthu aja, lero mlimi waulesi wokana mizere, mawa bambo wokana kukumba chimbudzi. Dzina linamveka, makalata ankabwera, nsalu zinkabwera.

Kenaka zii. Chamba chinali chitawalowa. Anzawo obwerera kumudzi ankati alamu akugona m'ngalande, akuyankhula okha pamsewu, ndipo kuntchito awachotsa chifukwa tsiku lojambula anapezeka ali m'tulo kuseri kwa galimoto. Zaka zinayi achemwali analima okha.

Ndiye tsiku lina anangotulukira, owonda, maso oyera bwino, chipewa chili m'manja. Poti mwini mbumba ndine, anakhala pansi pamaso panga ndi pa ankhoswe.

"Alamu, ndinalakwa," anatero. "Chamba ndinasiya, chino ndi chaka chachiwiri. Ndinathawira pafamu ina kutali ndi anzanga aja. Miyezi itatu tulo sindinkatiwona, thukuta lokhalokha, chilakolako chikandigwira ndinkatafuna makaka a chinangwa mpaka nsagwada kuwawa. Nditachira anandiitananso kukanema. Ndikupempha kubwerera m'nyumba mwanga."

Ndinaona kuti achemwali anawapatsa madzi m'chikho chatsopano. Ine ndinati yankho tidzapereka Lamulungu tikaweruka ku Misa.

Potsanzika alamu anati, "Loweruka kukubwera kanema pasukulu panu, ndilimo ine. Muonere mpaka kumapeto, alamu."

Achinyamata amene mwazolowera makanema oyankhula a ku Limbe, dziwani kuti akumudzi aja analibe mawu. Pankafunika munthu woima pambali pa chinsalu n'kumafotokozera anthu zimene zikuchitika. Kwathu munthu ameneyo ndinali ine, mphunzitsi, ndipo pakamwa Mulungu sanandimane. Woyendetsa makina anandipatsa pepala la nkhani yonse kuti ndiwerengeretu. Ine kuwerenga? Ndinangoona mzere woyamba, wakuti munthu wamukanemayo dzina lake ndi Jemusi, n'kupinda pepalalo, n'kuliponya m'thumba.

Kanema anayamba. Uyo Jemusi akutsanzika mkazi wake, uyo wafika m'tauni, anzake amupatsa ndudu yachamba. Akoka kamodzi, maso tuzu, miyendo lobodo. Wina kumbuyo anakuwa, "Ee, si a Sitefano awo!" Nyumba yonse inaphulika.

Apa ndiye ndinachimwa, abale anga. Ndikanati, ayi, uyu ndi Jemusi, n'sewero chabe. Koma kuseka kwa anthu n'kokoma kwa munthu woima kutsogolo. Ndinakweza mawu: "Taonani a Sitefano akukoka! Kokaninso, alamu, musasiye! Eya, agwa m'ngalande, mbumba yanga ikulima yokha ku Ndunde!" Anthu anagwa m'mabenchi ndi phwete. Alamuwo anali atakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, ndipo ine ndinkadziwa kuti alipo.

Kanemayo anali wa mipukutu iwiri. Woyamba utatha, Jemusi ali gone m'matope, injini ya magetsi inatsokomola n'kuzima. Anaikoka, anaikoka, osadzuka. Galimoto inanyamuka poti inkayembekezeka kwina, ife n'kubalalika.

Madzulo asanafike, mudzi wonse unali utagamula kale mlandu. Amayi ena achikulire anandipeza panjira n'kuti, "Aphunzitsi, taona ndi maso athu. Chithunzi sichinama." Ambiri a iwo kanali koyamba kuonera kanema. Kwa iwo makina aja anangomupezerera munthu akusuta, basi. Ine ndinkadziwa bwino kuti si mmene zimakhalira, koma ndikanabweza bwanji mawu amene ndinasekesa nawo mudzi wonse? Manyazi anandigwira, ndipo manyaziwo ndinawatcha kuteteza mlongo wanga.

Lamulungu alamu anayesa kufotokoza. "Anali masamba a papaya amene aja, alamu. Anandisankha poti ndimadziwa mmene munthu wachamba amagwera. Ndinavomera kuti ana a anthu aone. Mpukutu wachiwiri..."

"Taona zokwanira," ndinawadula.

Achemwali anati, "Achimwene, bwanji tidikireko?" Ndinawayang'ana ndi diso lija la mwini mbumba, iwo n'kuwerama. Alamu anavala chipewa chawo, anamugwira mwana pamutu, n'kulowera njira ya ku Limbe. Poti ukwati unali wa mu tchalitchi, achemwali sanakwatiwenso mpaka lero.

Lachitatu lija pa Boma injini sinazime. Mnyamata wofotokoza anawerenga pepala lake bwinobwino, ndipo tinaona mpukutu wachiwiri. Jemusi akudzuka m'matope, akutaya chamba m'moto, akulima mpaka manja kutuluka matuza. Kenaka akufika kwawo chipewa chili m'manja, mkazi wake akutuluka m'nyumba n'kumulandira katundu. Panalibe woseka m'holo monse.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero akuluakulu. Ife kuno kudekha tili nako pa chimanga, timadikira mpaka chiume. Pa munthu ayi. Ndi angati abwera kuchokera ku Joni, ku Halale, ngakhale kundende, atasiya zimene zinkawagwetsa, ife n'kumawaitanabe ndi dzina la tsiku limene anagwa? Uyo wakachasu uja. Uyo wachamba uja. Munthu wamenya nkhondo miyezi yathunthu ali yekha, popanda womuombera m'manja, akafika pakhomo tikumuuza kuti timamudziwa kale. Timapemphera m'mawa uliwonse kuti atikhululukire monga ifenso tikhululukira, koma tikatuluka pakhomo la tchalitchi nkhani yokoma ndi ya kugwa kwa mnzathu. Ya kudzuka kwake sitiifunsa n'komwe, poti siseketsa.

Ndipo musati ndikunena anthu osapita kusukulu. Amayi aja analakwa chifukwa chosadziwa. Wodziwa ndinali ine, pepala lili m'thumba.

Kanema atatha, achemwali akadali pabenchi, ndinatuluka kukapeza woyendetsa makina akukulunga mawaya. Ndinamufunsa ngati amamudziwa wosewera Jemusi uja.

"Madala Sitefano? Ndani sawadziwa!" anatero. "Asewera makanema ambiri pambuyo pa ameneyu. Munthu wosasuta ngakhale fodya wamba, anyamata akayamba zachamba ankawatengera kunyumba kwawo kukawalangiza. Galimoto iliyonse yobwera ku Nyasalande ankaifunsa ngati idutsa ku Chiradzulu. Pepani ngati ndi abale anu, bambo. Chifuwa chinawatenga dzinja lapitali, tinawaika ku Halale konko."

Ndinangogwira chitseko cha galimotoyo.

Tinanyamuka ulendo wobwerera kumudzi. Titawoloka kamtsinje kakufupi ndi kwathu, achemwali anatula dengu lawo pansi.

"Achimwene, mkazi wamukanema uja wachita zimene munandiletsa ine."

"Ndaona, achemwali."

"Sindikukuimbani mlandu, zapita. Koma inu mumadziwa kulemba. Alembereni kalata abwere. Muwauze kuti taonera mpaka kumapeto."

Ndinavomera ndi mutu. Za imfa ija sindinawauze.

Lero papita masiku anayi. Dzulo achemwali atuma mwana wawo kudzandipatsa envulopu ndi sitampa zimene agula okha, ndipo ndamva kuti ayamba kuzira nyumba. Mawa ndiyenera kuwoloka bwalo ili kukakhala pakhonde pawo. Inu amene mumawerenga zolemba zanga sabata ndi sabata n'kumati aphunzitsi awa sasowa chonena, tandiuzani, ndikayambe ndi mawu ati?